Maphini Atatu Kunsi kwa Khwapa

Lachitatu, pa 5

Ndikulemba nditagona chagada, kabuku kali m'mwamba. Bolopeni yakana kulemba chozondoka, ndiye ndabwereka pensulo kwa mayi a pabedi loyandikana. Kabukuka ndi ka miyeso: kutsogolo kuli ziuno ndi zifuwa za makasitomala anga, masamba akumbuyowa ndatenga ine. Amuna anga anangokaponya m'chikwama limodzi ndi kathumba ka zosokera. Akuti munthu wa manja oyabwa ngati ine akangokhala amayambitsa ndewu.

Ndinagwa Lolemba. Ndimapachika makatani kunyumba kwa kasitomala, makwerero n'kuterereka pamatailosi. Ndinafikira msana pamphepete pa tebulo. Zaka makumi awiri ndikukwera makwerero, n'kudzagwera pa sitepe yachitatu, ha! Katani ndinagwa nayo ili m'manja ndipo sinade n'komwe.

Adokotala a mafupa akuti fupa limodzi la msana, chapakati pa mapewa, lang'aluka n'kuphwatalala pang'ono. Miyendo ikumva, zala zakumapazi zikugwedezeka. Akuti ndithokoze, ndipo ndathokoza. Kudzuka ayi, kukhala tsonga ayi. Kutembenuka pokhapokha anamwino awiri andigubuduze ngati mpukutu wa nsalu.

Pali nkhani ina yaikulu kuposa msanawu, koma dzanja latopa.

Lachinayi, pa 6

Nkhani ija ndi iyi. Lolemba lomwelo anandikankha pabedi la matayala mpaka kuchipinda cha ekisileyi. Kozizira, kopanda zenera, makina akulendewera padenga. Wojambula wake ndi mayi wamfupi, wa imvi za m'mbali, magalasi pamphuno. M'malo mojambula, anatenga pepala.

"Mayi, kumwezi munapita liti komaliza?"

Ine ululu uli pakhosi. "Inu, ndathyoka msana. Jambulani, za kumwezi tidzacheza tsiku lina."

"Ndijambula. Ndiyankheni kaye."

Ndinawauza kuti mwina miyezi iwiri yapitayo, kuti masiku ano zimangobwera mmene zafunira. Ndinawauzanso kuti ndili ndi zaka 39, pabanja zaka 13, ndipo pachingwe chathu sipanayanikidwepo thewera. Asataye nthawi.

"Safunsa anadya phula," anatero. "Ayeze kaye mkodzo."

Mumtima ndinawatukwana, Mulungu andikhululukire. Namwino anabwera ndi kandodo kake koyezera. Anayang'ana kandodo, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso kandodo. Mizere iwiri: ndili ndi mimba. Ndinati kandodo kanu n'kowonongeka. Anabweretsa kena, mizere iwirinso.

Amuna anga, bambo wamkulu wokonza magalimoto, atamva anakhala pansi pakhonde n'kuvula chipewa. Ine ndinafuna kulira koma kulira kumagwedeza msana, ndiye misozi inkangotsikira m'makutu.

Adokotala ndi wojambula uja anakambirana pambali. Akuti alipo makina ena oonera msana opanda cheza choopsa kwa mwana, koma ali kuchipatala chakutali, ndipo kundigwedeza pamsewu msana uli chonchi n'koopsa kuposa. Anajambula zithunzi ziwiri zokha, chakutsogolo ndi cham'mbali. Ndinaona mayi uja akuchepetsa kuwala kumene makina amaponya pathupi mpaka kunatsala kakang'ono pachifuwa pokha, kutali ndi mimba. Lachiwiri anandipanga sikani. Milungu isanu ndi inayi. Kamtima kakugunda, pha pha pha, ngati makina osokera atsopano.

Loweruka, pa 8

Za mankhwala, ndisaiwale: panado awiri kanayi patsiku. Ena amphamvu aja andisiyitsa chifukwa cha mwana. Kapiritsi kachikasu ka amayi oyembekezera m'mawa. Jakisoni mmodzi madzulo woletsa magazi kuundana poti ndikungogona. Kuyeza kuthamanga kwa magazi katatu.

Nseru yayamba. Kusanza uli chagada si masewera, anthu inu. Koma walira mvula walira matope, sindidandaula.

Mayi a pensulo aja ndi mphunzitsi wopuma, anathyoka chiuno m'bafa. Wodi yonse imangowatchula Aphunzitsi, ndipo amaiyendetsa ngati kalasi. Ndiwo anapatsa wojambula uja dzina loti Amusapume, chifukwa mawu awo ndi omwewo tsiku lonse: "Kokani mpweya. Musapume!"

Aphunzitsi amakhulupirira kuti ekisileyi imachiza. Akuti tsiku limene anawajambula anagona tulo tabwino. Adokotala akamadutsa amawakoka malaya. "Adokotala, kajambulidwe kaja simungandionjezere?" Adokotala amangoseka.

Lolemba, pa 10

Ululu watsikako. Ndadya nthochi ziwiri ndi buledi, zakhala.

Gauni la chipatala lino anasoka ndani? Ndikufuna ndimuone maso. Likhoza kukwana anthu atatu, mapewa akugwera m'zigongono, ulusi ukulendewera paliponse. Ndalephera kupirira. Ndalikoka mbali imodzi n'kulibweza ndi maphini atatu kunsi kwa khwapa lamanzere, nsonga zake nditazibisa m'nsalu mmene timachitira poyesa kasitomala. Tsopano ndikuoneka ngati munthu. Akabweretsa lina loyera ndimasamutsa maphini anga.

Namwino wam'mawa anaona n'kundibweretsera yunifolomu yake yothothoka batani. Ndasoka chagada. Mbiri yafalikira, pofika masana ndinali nditaika mabatani asanu.

Lachitatu, pa 12

Adokotala abwera ndi dongosolo. Lachitatu likudzali, pa 19, adzandiveka chomangira msana cha pulasitiki, andiimiritse, kenako andijambule chithunzi chimodzi ndili chiimire. Akufuna kuona ngati fupa lija likupirira kulemera kwa thupi kapena likupitiriza kuphwatalala. Likapirira, ndiyamba kuyenda n'kupita kwathu. Popanda chithunzicho sangandilole kudzuka.

Ndinafunsa, "Chezacho sichimufika mwana?"

Anati n'chochepa zedi, n'kupita pabedi lina. Madokotala amayankha akuyenda.

Masana kunabwera apongozi anga ndi mpunga ndi mazira. Kuyambira pamene anamva za mimbayi akundigwira ngati galasi, mayi omwewa amene zaka zonsezi ankandiyang'ana pamimba asanandipatse moni. Atamva za chithunzi anaika supuni pansi.

"Ayi, mwananga. Ziwiri zija zakwana. Magetsi awowo akupserezerani mwana m'mimba. Tadikira zaka zingati? Kanani."

Mawu awo anandikhala mumtima. Madzulo ndinauza namwino kuti alembe kuti ndakana.

Lachinayi, pa 13

Sindinasoke kanthu lero. Ndikuopa. Ndikakana chithunzi ndigonabe pano, ndipo akuti kugona nthawi yaitali uli woyembekezera nakonso kuli ndi zoopsa zake, magazi amaundana m'miyendo. Ndikavomera, nanga mwana? Ameneyu sindidzapezanso wina, ndikudziwa.

Amuna anga akuti, "Zimene usankhe ndili nawe." Zikomo bambo, koma pamenepo simunandithandize.

Lachisanu, pa 14

Nthawi ya nkhomaliro ndinangoona Amusapume atulukira muwodi, kapu ya tiyi m'manja. Aphunzitsi anakuwa, "Mwabwera kudzanditenga?" Iwo anati, "Inu mwachira kale, siyirani anzanu." Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi ine.

"Ndamva kuti mwandikana."

Ndinachita manyazi. Ndinati si iwo, ndi makina awo.

"Ndinu telala eti? Tepi muli nayo?"

Ndinawapatsa ya m'kathumba. Anayeza pathupi langa kuchoka pomwe pali fupa long'aluka kufika pansi pa mchombo, n'kundionetsa nambala. Kenako anatambasula chikhato chawo pachifuwa panga.

"Mwana ali kumunsi uku, adakabisala m'chiuno. Ine ndikufuna apa pokha, malo ngati dzanja langali. Kuwala kuja munaona ndikuchepetsa ndiko malire. Pamene kuwalako sikunafike, cheza sindiponyapo. Inu mukamadula kolala mumadula mpukutu wonse?"

Ndinati ayi, umadula pomwe wajambula ndi choko.

"Basi, ntchito yathu ndi imodzi."

Anandifotokozera zambiri, ndilembe zimene ndagwira. Chithunzi chidzakhala chimodzi, cham'mbali, chifukwa chakutsogolo adokotala sakuchifuna ulendo uno, ndipo chimene sichikufunika sajambula. Mphamvu ya makina amaitchera molingana ndi thupi la munthu. Ine ndine wowonda, sangandipatse muyeso wa bambo wonenepa. Kachezako kamene kangamwazikire kwa mwana akuti n'kochepa kuposa kamene tonse timalandira kuchokera m'nthaka ndi mumlengalenga pa masiku angapo tikungodziyendera.

Ndinafunsa, "Nanga ngati n'kochepa chonchi, mumavutikiranji kuyezayeza?"

"Chifukwa thupi ndi la mwini, si langa. Chimene sichikufunika sindimupatsa munthu, ngakhale kachepe bwanji." Anamwa tiyi. "Mdani wanga ndi mmodzi, kubwereza. Munthu akagwedezeka, akapuma, kapena akakhala ndi kachitsulo pathupi, chithunzi chimawonongeka, ndiye timajambulanso. Pamenepo walandira kawiri pa chinthu chimodzi. Si kuti mwana angavulale nazo, ayi, koma ine zimandiwawa. Mukandithandiza, tijambula kamodzi."

Ndinawafunsa ngati iwo akanavomera, akanakhala ine. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana wanga wamkazi ndikanamuimika pomwepo ndi manja angawa."

Ndavomera. Ndagwira pamimba n'kumuuza mwini wakeyo kuti kamodzi kokha, amayi ako akulonjeza.

Loweruka, pa 15

Aphunzitsi atsegula sukulu ya kusapuma. Wophunzira ndine ndekha, koma wodi yonse imachita nawo. Amamenya supuni pachitsulo cha bedi.

"Kalasi! Kokani mpweya! Musapume! Wani, thuu, fili..."

Agogo a pakona anafika pa foo n'kutulutsa mpweya kumbali ina. Tinaseka mpaka namwino anabwera kudzatikalipira kuti tithyola zimene madokotala alumikiza. Ine ndafika pa khumi ndi ziwiri osagwedezeka. Aphunzitsi andipatsa 7 pa 10, akuti ndimaphethira kwambiri.

Lamulungu, pa 16

Apongozi abweranso, ndi malalanje. Ndawauza kuti ndavomera. Ndinatenga tepi n'kuwaonetsa mmene mayi wojambula uja anandionetsera ine, apa fupa, apa mwana. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi ameneyo ndi amene anakana kukujambulani musanayezedwe?"

Ndinati eya, omwewo.

"Ndiye ali ndi mutu." Anayamba kusenda lalanje. Kwa apongozi anga amenewo ndi mawu aakulu.

Lachiwiri, pa 18

Abweretsa chomangira chija kudzayesa. Zigamba ziwiri za pulasitiki, kutsogolo ndi kumbuyo, zomanga ndi malamba omata. Aphunzitsi akuti ndikuoneka ngati kamba. Amene anachipanga anayeza bwino, ndamupatsa ulemu.

Ndolo ndavula, mphete ndavula, unyolo wa m'khosi ndapatsa amuna anga. Tsitsi ndamanga ndi kansalu, osati chopanira. Ndafunsa namwino kawiri ngati mabatani a gauni ali achitsulo. Akuti gaunili lilibe mabatani, mayi, gonani. Ndakonzeka ngati mwana wa mayeso.

Lachitatu, pa 19

Ndilembe bwinobwino, lero ndi tsiku.

Anandipatsa gauni loyera m'mawa, kenako anandimanga chigoba changa pamwamba pake. Anandikweza pang'onopang'ono. Nditakhala tsonga chipinda chinazungulira, milungu iwiri ndikuona denga lokha. Nditaima, miyendo inali ngati ya munthu wina, koma inandinyamula. Aphunzitsi anaomba m'manja. "Ukandichititse manyazi kumeneko uone!"

Kuchipinda kuja Amusapume anali atakonza zonse ndisanafike, kuti ndisaime nthawi yaitali. Anayendera chigoba ndi manja, malamba onse.

"Ndolo, unyolo, zipi, ndalama m'thumba, kachitsulo kalikonse?"

"Palibe," ndinayankha monyada. "Ndavula zonse dzulo."

Anandiimika cham'mbali, phewa lamanzere litagunda chibolodi chozizira. Anayatsa kuwala kuja, n'kukuchepetsa kumtunda, kumunsi, m'mbali, mpaka kunatsala kachigamba. Anagwira msana wanga ndi zala, kuwerenga mafupa, n'kusuntha makina pang'ono. Sanapupulume. Anandiuza ndikweze manja ndigwire chitsulo chakutsogolo, iwo n'kupita kuseri kwa galasi lawo.

"Mwakonzeka, atelala? Kokani mpweya."

Ndinakoka wonse, mmene Aphunzitsi anandiphunzitsira. Nthiti zitafufuma n'kukankha chigoba, ndinangomva kuti tswii kunsi kwa khwapa.

Mayo ine. Maphini.

M'mawa muja, gauni loyera litabwera, manja anga anachita okha zimene akhala akuchita sabata yonse. Sindinaganize n'komwe. Kwa telala phini si chitsulo, ndi chala chachisanu ndi chimodzi. Ndipo anali atatu, pansi pa chigoba pomwe sakanaoneka, mbali yomweyo imene inagunda bolodi, pakati penipeni pa kuwala.

"Musa..."

"Imani! Imani, mayi, musadinde!"

Anachotsa dzanja pabatani. Anatuluka msanga, akuganiza kuti ndikukomoka. Ine misozi ili mbwee.

"Ndili ndi maphini."

"Muli ndi chiyani?"

"Maphini atatu. Gauni lanuli ndi lalikulu."

Anaima kaye, kenako anaitana namwino. Anandikhazika pampando, kumasula lamba mmodzi, n'kuwazula limodzilimodzi. Anawaika pachikhato n'kuwayang'ana.

"Zaka makumi atatu ndili muno," anatero. "Ndatulutsa makiyi, ndalama, lumo, ngakhale supuni. Koma wodwala wokonza gauni la chipatala ndi woyamba." Anayamba kuseka mpaka kuvula magalasi. "Akanagona pafupa lomwelo awa. Tikanabwereza."

Ndinapepesa kambirimbiri. Iwo anati ndisapepese, ndakuwa nthawi yake, ndipo kuyambira lero funso lawo lawonjezeka: ndolo, unyolo, zipi, maphini.

Tinayambiranso. Kuima, phewa pabolodi, kuwala, kuwerenga mafupa, manja m'mwamba. Gauni likulendewera ngati thumba, ndipo sindinasamale.

"Kokani mpweya. Musapume!"

Makina analira kamodzi, tii.

"Pumani."

Anayang'ana pakompyuta yawo. Ine ndikuyang'ana nkhope yawo kudzera pagalasi. Anakweza chala chimodzi. Ndinafunsa ngati akutanthauza kuti tijambule chinanso. Anapukusa mutu.

"Chimodzi. Chatha. Kagoneni."

Lachinayi, pa 20

Adokotala akuti fupa lili pomwe linali, silinaphwatalale ngakhale pang'ono. Chigoba ndivala milungu khumi. Kunyamula zolemera ayi, makwerero aiwale kuti ndinabadwa. Makina osokera pang'onopang'ono ukatha mwezi. Akapanda kuona chovuta, sadzandijambulanso mpaka mwana atabadwa.

Ndayenda kuchoka pabedi kufika pazenera. Kunja kuli mtengo umene milungu iwiri yonseyi ndimangomva mbalame zake.

Nkhani ya maphini yafika wodi zonse. Namwino aliyense akandiona akuti, "Atelala, tikusecheni?" Aphunzitsi andichotsera mamalikisi awiri chifukwa cholowa m'mayeso ndi zida zoletsedwa, n'kundibwezera atatu chifukwa choulula ndekha.

Lachisanu, pa 21

Sikani yachiwiri. Milungu khumi ndi umodzi ndi masiku. Timanja tayamba kuoneka, ndipo sakukhazikika, akungotakataka. Amuna anga akuti manja oyabwa aja watengera.

Ndapempha oyang'anira wodi kuti andipatse magauni ong'ambika ndizikakonza kunyumba ndikachira, ndi ulusi, osati maphini. Avomera. Thumba la yunifolomu ya Amusapume linali litasosoka pakona, ndinaliona Lachitatu lija ndili pakati polira. Ndawatumizira uthenga kuti abwere nayo. Abwera, ndasoka, anakhala pampando akumwa tiyi wawo. Ponyamuka ndinawagwira dzanja. Iwo anati, "Mudzabwere naye ndidzamuone. Koma pakhomo pokha, m'chipinda mwanga asalowe."

Loweruka, pa 22

Ndikutuluka lero. Pensulo ndabweza kwa eni ake itatsala ngati chala. Aphunzitsi alira, kenako akuti si kulira, ndi mankhwala a m'maso. Iwo atsala sabata ina, ndipo adakapemphabe kajambulidwe kowonjezera.

Tikudikira kalata, adokotala anatitsegulira chithunzi chija pakompyuta kuti amuna anga aone. Ndi kachithunzi kowonda, ngati lamba wa diresi. Mafupa ochepa okha atasanjikizana, limodzi lophwatalala pang'ono pakati. Kumtunda mdima, kumunsi mdima.

Amuna anga anasendeza nkhope pafupi, kuyang'ana uku ndi uku. Anthu a magalimoto amafuna kuona injini yonse.

"Chonsecho n'chimenechi? Nanga mwana ali pati?"

"Mulibe," ndinatero.

"Sanamujambule?"

"Sanamukhudze n'komwe. Ali kumunsi uku, kumene kuli mdimaku."

Anaika chala pamdima paja. Kenako anafunsa adokotala ngati angatisindikizire papepala. Adokotala anadabwa, akuti anthu amapempha cha sikani, chooneka mwana. Amuna anga anati chimenecho tili nacho kale, akufuna ichinso.

Ndachiika m'kabuku muno, pakati pa tsamba lino ndi miyeso ya makasitomala. Maphini atatu aja Amusapume anandibwezera m'kaenvelopu. Limodzi ndabaya nalo chithunzichi pakona kuti chisagwe.